Kusamba kwa Mfumu Oto

Korona itamugwira Thumbiko, mlonda wa ku Sports City, m'dziko lakutali kumene anapita kukagwira ntchito, kampani inakamutsekera m'chipinda cha yekha. Pochoka m'kanyumba kawo m'dera la Satwa anasiyira mawu mnzake Kizito kuti atsuke chilichonse chimene iye anakhudza. Tsono Kizito ndi wokolopa ku hotela, munthu amene ukamuuza kuti chilichonse amamvadi kuti chilichonse, ndipo Thumbiko anaiwala kuti pansi pa bedi pali kabokosi ka makobidi asiliva a Aroma akale amene wakhala akutolera limodzilimodzi, akudzimana ngakhale shawarma, kanyama kokulunga m'buledi kogula pamsewu.

Masana ena foni ya Thumbiko inalira, inali ya vidiyo. Kizito, ali m'magulovesi ndi masiki, anayamba kuonetsa ntchito yake: bulangeti lochapa, nsapato zopopera, ngakhale chikuto cha Baibulo chinapukutidwa. Kenako kamera inatsikira pa mbale.

"Nanga izo m'mbalemo?" anafunsa Thumbiko.

"Ndalama zanu zija, achimwene. Taonani kuwala kwake, ngati masipuni a ku hotela. Mswachi ndi soda basi, khalas."

Thumbiko anatsokomola chifuwa chosachokera ku korona. Kwa anthu otolera makobidi akale, kuda kuja ndiye ulemerero wa khobidi, ndipo ukalikwecha wachotsa ukalamba wake wonse. Mtima unamuwawa kwambiri, koma analibe nthawi yolira, chifukwa m'mbalemo simunali khobidi limene amalikonda kuposa onse.

"Oto ali kuti?"

"Ndani?"

"Mfumu ya tsitsi lamizeremizere, m'kathumba kofiira."

"Aa, bambo awa." Kizito anatukula khobidi lakuda bii, mbali ya kumbuyo itayang'ana kamera, dzanja linalo litagwira mswachi. "Awa ndiye auve kwambiri. Ndawasungira kumapeto."

"Ika pansi mswachi, mphwanga."

"Munalikhudza?"

"Kizito, ika pansi."

"Funso langa ndi limodzi, achimwene. Munalikhudza?"

Pano munthu wanzeru akananama. Koma Thumbiko ndi wamakani, ndipo pa nkhani ya makobidi ake amafuna kuti aliyense amvetse. Anavomera kuti amalikhudza tsiku lililonse, nthawi zina mpaka kulipsompsona asanapite ku ntchito. Kizito anathira soda wina pa mswachi.

"Tamvera kaye!" anatero Thumbiko. "Oto analamulira Roma miyezi yochepa chabe, n'chifukwa makobidi ake ndi osowa. Kuda ukukuonako si litsiro. Khobidi limenelo lagwiridwa ndi asilikali, amayi a pamsika, ogulitsa nsomba, anthu miyandamiyanda."

"Miyandamiyanda?"

"Eya."

"Anasamba m'manja?"

"Kunalibe sanitaiza nthawi imeneyo."

"Masiki?"

"Kunalibe."

Kizito anabwerera m'mbuyo, khobidi atalitalikitsa ndi mphuno yake. Thumbiko, m'malo mokhala chete, anawonjezera monyadira kuti khobidilo linapulumuka ngakhale miliri ikuluikulu imene inapha anthu ambiri ku Roma. Kizito anapita kukatenga botolo la mankhwala otsukira ku bafa, aja onunkha mpaka kukhosi.

"Botololo ndi lachiyani?"

"Mwanena nokha kuti mfumuyi inali pakati pa mliri. Kuntchito, chinthu chochokera kwa odwala timachinyika kaye."

"Mliri wake ndi wakalekale!"

"Anayezetsa?"

"Ndani?"

"Bambo Oto."

"Anamwalira, Kizito."

"Mwaonatu."

Thumbiko anagwira mutu. Anayesa kumunyengerera, anayesa kumuopseza kuti akatuluka sadzamubwerekanso chaja cha foni, anatchula ngakhale ubale wa kumudzi ngakhale kuti mmodzi ndi wa ku Rumphi, wina wa ku Balaka. Kizito ankangoyankha kuti yalla, tifulumire, nthawi ikutha, ndipo anathira mankhwala aja m'kapu. Khobidi linali litalendewera pamwamba pa kapuyo pamene nzeru zinamufikira Thumbiko. Anakumbukira kuti mnzakeyu samva chisoni, amamva lamulo.

"Dikira. Kuhotela kwanuko, mlendo akamaliza kwarantini mumamunyika m'mankhwala?"

"Ayi. Akamaliza, wamaliza."

"Khobidi limenelo linafukulidwa mu mphika pansi pa nthaka. Linakhala momwemo zaka pafupifupi zikwi ziwiri."

Kizito anaima. "Osatuluka?"

"Osatuluka."

"Osalandira alendo?"

"Ngakhale mmodzi. Ndipo chichokereni ine, m'kathumbamo lakhala lokha ngati mmene ndilili kuno."

Kizito anayang'ana khobidi lija ndi ulemu waukulu. Anati pa ntchito yake yonse sanaonepo mlendo womvera malamulo chotero, popeza ena amathawira padziwe losambira tsiku loyamba lomwe. Anakankhira kapu kutali n'kuika mswachi pansi.

Chimwemwe chinamugwira Thumbiko mpaka anavina yekha pabedi, malungo onse kuiwalika. Koma podziwa munthu amene akulankhula naye, anafuna kutseka mpata uliwonse.

"Lumbira. Nena kuti sudzalitsukanso, ngakhale ndani atakuuza."

"Ngakhale ndani?"

"Ngakhale bwana wako, ngakhale abusa, ngakhale ine ndemwe."

Kizito anakweza dzanja la gulovesi n'kulumbira mawu onsewo, osasiya ngakhale limodzi.

"Shukran, habibi," anatero Thumbiko pothokoza m'chilankhulo cha dzikolo, akupukuta thukuta. "Tsopano tembenuza ndione nkhope ya mfumu yanga."

Kizito anatembenuza. Kuyambira pamphuno kukafika pakhutu, Mfumu Oto anali kuwala mbee, pamene tsitsi ndi khosi zinali zakuda monga kale. Ankaoneka ngati munthu amene madzi amuthera ali pakati posamba.

"Kizito."

"Wawa."

"Ichi n'chiyani?"

"Ndinali nditayamba kale pamene ndimakuimbirani. Munthu amayamba kusamba kumaso."

Thumbiko anayang'anitsitsa nthawi yaitali. Khobidi lakuda akanalinyadira, loyera akanalipirira, koma la mawangamawanga ili sakanaliwonetsa kwa munthu aliyense wodziwa makobidi. Makani onse anamuthera.

"Mphwanga," anatero motsitsa mawu, "tenga mswachi uja. Ingomaliza."

Kizito anabwezera mfumu m'kathumba kofiira n'kumanga bwinobwino.

"Pepani achimwene. Munati ngakhale inu nomwe."