Mizere Khumi Yosapopera

Moni a pa wailesi ndi alimi anzanga nonse. Ndine mayi wa ana anayi, ndimalima ku Kanakantapa.

Chaka chatha amuna anga anagula mankhwala opha udzu, amvekere khasu latikalambitsa msanga. Anapopera munda wonse wa chimanga ine ndili ku maliro kwathu ku Chipata. Nditabwerako ndinapeza chimanga chili bwino ndithu, koma maungu amene ndinadzala pakati pake atapserera. Bonongwe, chisoso ndi therere, zomwe zimamera zokha, zinatheratu. Ndinaima m'mundamo ndi dengu lopanda kanthu, mtima ukuwawa. Dzinja lonse ana anga ankadyera madzi amchere, ndipo mfutso sindinasunge ngakhale wodzaza dzanja.

Chaka chino sindinadikire. Ndinawerenga mizere khumi kuyambira pa chulu, ndinazika mitengo ndi kumangirira nsanza zofiira.

“Bambo, apa musapoperepo,” ndinawauza. “Nizalimira nekha na khasu.”

“Iwe, udzu ni udzu,” anatero.

“Udzu umenewo ni umene unakulerani,” ndinayankha, ndipo sindinasunthe.

Amayi anzanga, mankhwala sindikuwanyoza, atipepuza msana. Koma sadziwa kusiyanitsa udzu ndi ndiwo. Wodziwa ndinu, choncho lankhulani asanasenze mpope kumsana.

Dzulo amuna anga anapempha kuti ndiwaonjezere bonongwe wotendera. Ndinawaonjezera ndithu, kenako ndinawauza kuti mizere isanu yatsala yosapalira, ndipo khasu lawo lili kuseri kwa chitseko.