Ndinkanama Kuti Mwana Wanga Ali pa Holide

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kwa ine mayi wa ku Malabada, ku Ndirande kuno. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, ndiye mundikhululukire kalembedwe, koma zimene Mulungu wandichitira sindingakhale nazo chete.

Amene anandiuza kuti mwana wanga Madalitso wachotsedwa ntchito sanali iyeyo, sanalinso mkazi wake. Anali a Esinati, mayi wamasiye amene anawagwirira ntchito ya m'nyumba zaka zambiri. Anabwera ndi chikwama chawo kudzatsanzika. Anati, "Agogo, ine ntchito yandithera. Abwananso yawathera, kodi sanakuuzeni?" Ndinangokhala pansi pakhonde.

Madalitso ndiye ankayang'anira makina onse pafakitale ina ya sopo. Ankalandira bwino, nyumba ya kampani ku Namiwawa, galimoto ya kampaninso. Zinthu zitavuta m'dziko muno, ndalama zakunja zogulira zipangizo zitasowa, fakitale inayamba kuchotsa anthu, ndipo inayambira amalipiro akuluakulu. Nyumba anabweza, galimoto anabweza. Ndalama zimene anamupatsa pomutsanzika sizinachedwe, poti achibale a ku Mulanje atangomva kuti abwana alandira mabenefiti, foni inasowa mpumulo. Za penshoni anamuuza kuti adikire kaye. Mapeto ake iyeyo, mkazi wake ndi ana awiri anabwera kudzakhala m'nyumba mwanga, momwe anabadwira.

Apa ndiulule tchimo langa. Nthawi imene anakwezedwa pantchito ndinaima m'tchalitchi kupereka umboni, amayi anaimba nthungululu, ndipo kuyambira pamenepo ankanditcha amake a bwana. Dzinalo linkandikoma. Ndiye anthu akafunsa chifukwa chake abwana akugona ku Malabada, ndinkati, "Ali pa holide, nyumba yawo akuikonza." Ndinanama miyezi inayi. Kumapemphero athu a amayi a Lachinayi ndinkapempherera odwala a anzanga, za m'nyumba mwanga osatchula.

Mwana wanga analemba makalata ofunsira ntchito mpaka anatopa. Kwina ankamuyankha kuti munthu wa udindo ngati wake sangakwanitse kumulipira. Anayamba kumangokhala kuchipinda, katani wotseka, ndevu osameta. Ine m'malo momutulutsa, ndinkamuuza kuti asamaonekeoneke panja, anthu angadziwe.

Tsiku lina m'mawa ndikusesa, anandiitana motsitsa mawu. Anati, "Amayi, anawa mungawalere bwino inuyo kuposa ine." Tsache linandigwa m'manja. Tamva zambiri za abambo amene ntchito ikatha amadzichotsera moyo. Ndinatenga tameki amene ndinkasungira makoswe n'kukataya m'chimbudzi. Chingwe choyanikira zovala ndinachimasula n'kuchibisa. Kenako ndinagwada kuseri kwa nyumba, ndinati, Ambuye, tengani dzina la amake a bwana, mundisiyire mwana wanga.

Lachinayi lake ndinaimirira pamaso pa amayi anzanga. Ndinati, "Ndakhala ndikukunamizani. Madalitso sali pa holide, ntchito inatha, ndipo ndikuopa kuti ndimutaya." Ndinalira ngati mwana. Ndinkadikira kuti ena aseke, koma anangondizungulira n'kuyamba kupemphera.

Titati ameni, mmodzi wa amayiwo, amake Tiyamike, anandigwira mkono. "Aa, inunso! Munthu wodziwa makina mwangomutsekera m'nyumba ngati nkhuku yofungatira? Chigayo chathu chafa masabata atatu, sipeya kulibe tauni yonse. Bambo a kwathu akungowonda!"

Nditamuuza Madalitso anati, "Amayi, ine chigayo?" Ndinamuyankha kuti, "Bwana uja anatsala ku Namiwawa. Kuno kuli mwana wanga amene anaphwasula wailesi ya bambo ake ali Sitandade 4, ndipo sinalirenso." Anaseka. Aka kanali koyamba kumva kuseka kwake chibwerere.

Anapita atavala ovololo ya malemu bambo ake. Madzulo anabwera manja ali bii ndi girisi, n'kupempha sopo ndi chakudya, ndipo anadya n'kuwonjezera. Chitsulo chimene chinathyoka anachijambula papepala, anakachipangitsa kwa owotcherera a mumsika wa Ndirande. Tsiku lachitatu chigayo chinalira. Ndinachimva ndili pakhomo panga, ndipo ndinavina ndekha pabwalo.

Mbiri inayenda. Anamuitana ku Bangwe, kenako ku Machinjiri, wina chigayo, wina jenereta. Taonani nzeru za Mulungu: kusowa kwa zipangizo kumene kunamuchotsetsa ntchito ndi komwenso kukumubweretsera anthu, poti amene sangagule chatsopano amafuna wokonza chakale. Ya penshoni ija itatuluka anagula makina owotcherera, ndipo pano ali ndi kashedi kake ku Chinseu.

Sindinganame kachiwiri, moyo sunabwerere mwakale. Galimoto palibe, adzukulu anga anasintha sukulu, ndipo tikadali tonse m'nyumba yothinana. Koma katani uja ndi wotsegula. Chingwe chija ndinachimanganso, pano chikuyanika ovololo.

Ndikuthokoza Mulungu wanga, ndikuthokozanso amayi a Lachinayi amene sanandiseke. Inu amene wanu wachotsedwa ntchito, musachite ngati ine. Thandizo langa linkakhala nane benchi imodzi sabata iliyonse, koma ndinalitsekera kunja ndi bodza langa. Nenani, pempherani, ndipo musamusiye yekha kuchipinda.

Mukamagwada mutikumbukire: Madalitso, mkazi wake amene anapirira zonsezi osadandaula, ndi ana. Musaiwalenso a Esinati. Iwo mpaka lero ntchito sanaipeze, koma sabata yatha anabwera ndi nthochi kudzaona ngati abwana awo akudya.