Kafukufuku wanga anabwezedwa kawiri chifukwa cha ulemu

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine mlangizi wa zaulimi kuno ku Bwanje. Ndikufuna ndikuuzeni za digiri yanga yachiwiri, imene inatsala pang'ono kundipulumuka m'manja, osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa cha ulemu umene makolo anandiphunzitsa.

Bambo anga, amene anathera unyamata wawo kumigodi ya ku Joni, ankati mwana satsutsa wamkulu pagulu. Ndiye kafukufuku wanga ataonetsa kuti alimi a kumapeto kwa ngalande sapindula ndi njira yothirira mpunga imene pulofesa wina wotchuka amailimbikitsa m'mabuku ake, ndinalemba mogwada. Tsamba lililonse ndinkangobwereza zimene akuluakulu ananena, zanga n'kuzibisa kumapeto. Mzungu wa ku Mangalande amene ankayesa ntchitoyo anaibweza, akuti sakuona pamene ineyo ndaima. Ndinapsa mtima n'kulembanso mosapsatira kuti pulofesayo ananama. Inabwereranso, akuti mwano. Ukagwada akuti ulibe mawu, ukaimirira akuti ulibe mwambo! Mwayi unatsala umodzi wokha.

Zinandiwawa kwambiri. Anzanga kuofesi ankanditcha "adokotala" mondinyogodola, ndipo ena a kutchalitchi komwe ankafunsa kuti mayi wa ana atatu sukulu akuifuniranji. Mapemphero anga anasanduka mikangano, ndinkangomufunsa Mulungu kuti anandiyambitsiranji zoti ndichite nazo manyazi.

Tsiku lina kusikimu yathu ya ulimi wothirira kunabwera mayi wina wa ku China wofufuza za mbewu ya mpunga, ndipo abwana anandituma kuti ndiwayendetse m'minda. Tikupuma pamthunzi ndinawadandaulira zonse. Anaseka mpaka ndinakhumudwa, kenako anati nayonso ntchito yawo azungu anaibwezapo. Akuti kwawo anawaphunzitsa kulemba motsimikiza, koma iwo eni n'kubisala kumbuyo kwa aphunzitsi awo. Azungu amene iwo anagwira nawo ntchito amanena poyera kuti maganizowa ndi anga, amayamba ayamikira munthu amene akumutsutsayo, amasiya mpata woti mwina akulakwitsa, koma mfundo yawo saibweza.

Pomwepo ndinakumbukira kwathu. Si mmene amayankhulira ankhoswe pa mlandu wa banja? Malume anga amayamba ndi kuti, "Pepani akuluakulu, mwina ndaona molakwika," kenako n'kumuuza mkamwini chilungamo chonse, iye atangoti zyoli. Luso limeneli ndinakula nalo, koma palibe mphunzitsi ndi mmodzi yemwe amene anandiuzapo kuti limagwiranso ntchito m'Chingerezi.

Ndinalemba kachitatu ngati nkhoswe. Pulofesa uja ndinamupatsa ulemu wake, n'kumutsutsa patsamba loyamba lomwe, ndipo ndinakhoza.

Sindikunamizani, mtima umandiwawabe ndikaganiza kuti ndinavutika chonchi pa chinthu chimene munthu akanatha kundiuza m'mawu ochepa. Komabe ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira thandizo kuchokera kutali, n'kudzandipeza m'matope a mpunga. Inu amene ntchito yanu yabwezedwa, musaitaye. Pempherani ngakhale muli okwiya, pakuti Iye sabweza pemphero kuti mukalikonze kaye.