Mapesi anga ndi ng'ombe za aneba

Ndiwerengereniko kalata iyi pa wailesi omvera aimve. Ndine mnyamata wa ku Bangula, sukulu ndinasiyira panjira. Ndinaphunzira kupanga gasi wophikira poviika mapesi a mapira mu mgolo wotseka. Kwathu kuno tikakolola ng'ombe zimangotayiriridwa, ndiye za abambo ena oyandikana nafe zinadya mulu wanga wonse. Ndinawalalatira pamaso pa ana awo.

Vuto ndi loti mapesi okha satulutsa gasi. Tizilombo towoletsa timachokera mu ndowe zaziwisi, ndipo khola lapafupi ndi la abambo aja lokha. Amayi atatopa ndi kusaka nkhuni, ndinapitako ndi chidebe.

Abambowo anandiyang'ana, nati, "Lowa, mwanawe. Mapesi ako aja ali m'kholamo. Ng'ombe zakugayira kale."

Ndinadzaza chidebe ndi ndowe n'kukathira mu mgolo muja. Pano amayi akuphikira gasi.