Gofu ndi Mano a Apongozi

Pamzere wa kuchipatala cha mano, mayi wina wosoka zovala anaona kuti bambo amene anakhala nawo pabenchi sakugwira tsaya ngati ena onse. Analephera kupirira.

"Nanga inu bambo, dzino likupweteka ndi liti?"

"Ine ndili bwinobwino. Ndaperekeza apongozi anga aakazi, ali mkatimo. Ndawagulula mano atatu."

"Mayo ine! Mwamenya apongozi?"

"Osati dala, mayi. Ndi gofu. Ndinayamba kusewera nditapuma pantchito, koma mpira wanga umangothawira kumbali. Wotiphunzitsa akuti ndimadzutsa mutu msanga. Akuti maso azikhala pampira, manja osaumitsa, chiuno chitembenuke, ndodo yachitsulo yomenyera mpira izungulire mpaka kuseri kwa phewa."

"Ndiye?"

"Ndiye m'mawa uno ndimayeserera kuseri kwa nyumba, maso pansi monga anandiuzira. Osadziwa kuti apongozi aima pambali panga, andibweretsera tiyi."

"Ambuye! Munthu wamkulu kukubweretserani tiyi, inu n'kumuthokoza ndi chitsulo?"

"Ndinangomva kuti khwa! Kapu uko, iwo uko."

"Akazi anu akuti bwanji?"

"Andiuza mawu amodzi okha. Akuti ndisankhe, banja kapena gofu."

Mayi uja anagwira pakamwa. "Ndiye basi, mwasiyiratu."

Bambowo anayang'ana kuchitseko, n'kutsitsa mawu.

"Kusiya? Mayi, zaka ziwiri zonsezi mpira wanga unali usanawongokepo ngati lero. Ndikungodikira atuluke, ndiwafunse ngati anaona pomwe unagwera."