Chimene Anzanga Anandibisira ku Chintheche

Okonza pulogalamu, ndine mayi wachikulire wa ku Mpamba. Izi zinandichitikira ndili mtsikana, Atsamunda akulamulirabe.

Ndinali pa chibwenzi ndi mnyamata wa kwathu amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Halale. Tsiku lina anzanga awiri anandikakamiza kuti tikacheze ku Chintheche, kwa azakhali a mmodzi wa iwo. Tinakhalako masiku anayi, tikusambira m'nyanja, kuotcha usipa ndi kulukana tsitsi. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Lamlungu m'mawa ndinati tizibwerera, bwenzi langa ndalisowa. Pamenepo mmodzi wa anzangawo anandigwira dzanja, misozi ikutsika.

"Mnzanga, lero kutchalitchi kwathu akulengeza ukwati wake ndi mwana wa mkulu wa mpingo. Sitinafune kuti uzimve uli pakati pa anthu."

Ndinangokhala pansi pamchenga. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti iwo ankadziwa, koma n'kumaseka nane. Kuyambira tsiku limenelo sindinawalankhulenso.

Mwamunayo ndinamuiwala kalekale. Amene ndimawalira mpaka lero ndi anzangawo, chifukwa onse awiri anamwalira ndisanawauze kuti zikomo.