Nyimbo Tinakana, Nyama Tinadya

Aleluya, abale ndi alongo! Mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Abusa ndi akulu a mpingo, zikomo pondipatsa kamphindi aka pa Sabata lomaliza la chaka. Kwa alendo, ndine Nangozo, wa konkuno kwa Champiti. Anzanga aimirira pano kuthokoza za chimanga ndi ana amene akhoza mayeso. Ine ndaimirira kuti ndisanze. Inde, ndisanze, chifukwa zimene ndasunga m'katimu zikundinyansa.

Mukudziwa kuti ndinakhala wapampando wa amayi zaka zambiri. Bulauzi yanga inkayera kuposa ya aliyense. Lamulo lija lakuti munthu wodulidwa mu mpingo akamwalira sitivala yunifomu ndipo sitiimba, ine ndinkaligwira ndi manja awiri. Linkandikoma, abale! Sindinama, linkandikoma.

Chaka chatha anamwalira Mayi Nambewe, aja ankatcheza kachasu kuseri kwa msika. Mwana wawo Esinati anabwera pakhomo panga n'kugwada pafumbi. Akuti, "Amayi, nyimbo imodzi yokha. Mayi anga ali mtsikana ankaimba kwaya muno. Imodzi yokha, potuluka m'nyumba."

Mukudziwa ndinamuyankha chiyani? Ndinati, "Iwe, yunifomu yathu si yopukutira mbiya za mowa."

Koma kumaliroko tinapita! Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, milomo chitsekere. Itakwana nthawi ya chakudya, milomo ija inatseguka. Anali atapha mbuzi. Tinadya, abale. Tinadya mpaka kunyambita zala. Ine amene, wapampando, ndinakulunga nthuli zina m'jumbo n'kubisa m'chitenje. Nyimbo tinakana, nyama tinadya. Asa!

Mu Juni chaka chino anamwalira mwana wanga Limbani, uja ankapalasa kabaza ku Boma. Mowa unamudya chiwindi. Mpingo unali utamudula kale, ndipo tsiku lomudulalo ine ndinavomera nawo. Thupi litafika ndinaitanitsa wachiwiri wanga, Mayi Nachisale, kuti amayi adzamuimbire mwana wanga. Anabwera, anandigwira dzanja, akuti, "Amayi, pepani. Lamuloli munatiphunzitsa ndinu."

Sananame. Sindikuwasungira chifukwa ayi.

Abale anga, munamvapo bokosi la mwana wanu likutuluka m'nyumba popanda nyimbo? Umamva mapazi okha. Umamva adzukulu onyamula bokosi akupumira m'mwamba. Ndinamva ngakhale mbale zikugundana kuseri kumene ankaphika. Mwana amene ndinamuyamwitsa ndekha akutuluka ngati thumba la feteleza! Ndinafuna kuyambitsa nyimbo ine mwini, koma ndinalephera.

Kenako kumbuyo kwa anthu kunamveka mawu a munthu mmodzi. Mawu osasa, okhota, ndime zina akuphonya. Ndinacheuka. Esinati! Alibe yunifomu, alibe buku, kachitenje kakale m'chiuno. Anaimba yekha kuchokera pakhomo mpaka kumanda. Nyimbo ikatha ankaiyambanso, poti ankadziwa imodzi yomweyo.

Atabalalika anthu, ndinapita kwawo. Ulendo uno wogwada pafumbi ndinali ine. Ndinati, "Mwana wanga, wandichitiranji zimenezi, ine ndinakunyoza chonchija?"

Akuti, "Amayi, njira yakumanda popanda nyimbo imatalika. Ine ndinaiyenda. Sindinafune kuti inunso muiyende."

Ambuye Yesu! Ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda.

Sabata latha abusa anatiuza kuti tisanalowe chaka chatsopano aliyense adzifunse ngati anthu aona khalidwe la Mulungu mwa iye. Ine yankho ndili nalo, ndipo ndi lonunkha. Mwa ine sanalione. Zaka zonsezi ndinkayesa Mulungu ndi mlonda wa pageti, ndipo ndinkamuthandiza kubweza anthu. Chifundo chake ndinachiona mwa mwana wa mayi wotcheza kachasu, amene ndinkamulambalala pa mjigo osamupatsa moni.

Upampando ndinatula mu Ogasiti. Ena munkati ndadwala, ena munkati tayambana. Ayi, ndinangodziona ndekha n'kunyansidwa. Za lamulo lija akulu a mpingo adzakambirana okha, ine sindinabwere kudzalimbana nawo. Chisoni sichinathe. Ndikamva belu la njinga pamsewu ndimatulukabe panja, ngakhale ndikudziwa kuti si Limbani. Koma ndikuthokoza Mulungu kuti sanandichite zimene ine ndinkachitira anzanga. Wandisiyira mpweya, ndipo wandionetsa ntchito yake.

Masiku ano maliro akagwa, kaya ndi a wodulidwa, kaya ndi a chidakwa, ine ndi Esinati timapita. Yunifomu ndimasiya m'nyumba. Timakhala pafupi ndi namfedwa, ndipo bokosi likamatuluka timaimba.

Tsono mawa kuli maliro kutsidya kwa mtsinje. Amwalira Bambo Chimbalanga, amene tinawadula atakwatira mkazi wachiwiri. Asiya ana anayi, ndipo ana amenewo mawa ayenda njira ija. Tinyamuka m'mawa pa mjigo. Mawu a anthu awiri safika patali, mpaka pano timangosasa. Amayi anzanga, amene ndinakuphunzitsani kutseka pakamwa ndine. Ndikhululukireni, ndipo mawa mubwere mudzatithandize.

Ambuye akudalitseni. Amen.